Stephen Hopkins ndi mbumba yake, kuchokera ku Hampshire kukafika ku Plymouth

Mwa anthu 102 amene anakwera chombo cha Mayflower kuchoka ku England kupita ku America m'chaka cha 1620, mmodzi yekha ndiye anali atakhalapo kale m'mudzi wa atsamunda Achingelezi ku America, ndipo dzina lake linali Stephen Hopkins. Mkuluyu sanali wa mpingo umene unathawira ku Leiden m'dziko la Holland chifukwa chokana Mpingo wa England, ngakhale kuti mbiri ya ulendowu kawirikawiri imakambidwa ngati kuti onse anali opembedza othawa mazunzo. Iye anali m'gulu la anthu amene a mpingowo ankawatcha alendo, amene anakwera chombo pofuna malo ndi moyo wabwinopo. Chimene chimandikopa pa mbiri yake ndi chakuti munthuyu anakhala moyo wake wonse akufunsa amene anali pamwamba pake kuti mphamvu zomulamulira anazitenga kuti, koma amene anali pansi pake, makamaka wantchito wake wina wamkazi, sanaone chifundo chonga chimene iye mwini anachitiridwa.

Kaundula wa tchalitchi cha ku Upper Clatford, m'chigawo cha Hampshire kummwera kwa England, amasonyeza kuti Stephen anabatizidwa pa 30 Epulo 1581, mwana wa John Hopkins ndi Elizabeth Williams. Banjali linasamukira mumzinda wa Winchester iye akadali wamng'ono, ndipo bambo ake anamwalira mu 1593 mnyamatayo ali ndi zaka pafupifupi 12. Atakula anakwatira mkazi dzina lake Mary nakakhala m'mudzi wa Hursley, kufupi ndi Winchester komweko, kumene kunabatizidwa ana awo atatu: Elizabeth, kenaka Constance mu Meyi 1606, ndi Giles mu Januwale 1608. Mwana womalizayo asanakwanitse zaka ziwiri, bambo wake anasiya banja nalowa ntchito ya Virginia Company, kampani ya amalonda a ku London imene inakhazikitsa mudzi wa Jamestown m'dera la Virginia ku America mu 1607.

Ananyamuka pa 2 Juni 1609 pa chombo chotchedwa Sea Venture, chimene chinkatsogolera zombo zina zonyamula anthu ndi chakudya. M'chombomo munali akuluakulu atatu: Sir Thomas Gates amene ankapita kukakhala bwanamkubwa wa Virginia, Sir George Somers mkulu wa zombo zonse, ndi Christopher Newport woyendetsa chombocho. Ntchito ya Hopkins inali ya ukalaliki wa mbusa Richard Buck, kutanthauza kuti ankawerengera anthu masalimo ndi mitu ya m'Baibulo tsiku la Sabata. Chakumapeto kwa Julayi namondwe anabalalitsa zombozo, Sea Venture inayamba kulowa madzi, ndipo anthu anakapa madziwo usana ndi usiku kwa masiku angapo mpaka pa 28 Julayi, pamene chombocho chinakanirira pakati pa matanthwe pafupi ndi zilumba za Bermuda. Anthu onse, pafupifupi 150, anafika kumtunda ali moyo.

Pa zilumbazi panalibe anthu, koma panali nkhumba zakutchire, nsomba, mbalame ndi akamba a m'nyanja zochuluka, motero anthu wamba amene anazolowera njala ya ku England anayamba kudzifunsa chifukwa chimene akanavutikira kusema matabwa a chombo china choti chiwatengere ku Virginia, kumene ankadziwa kuti kukuwadikira ntchito yakalavulagaga yolemeretsa eni kampani. Mu Januwale 1610 Hopkins anauza anzake awiri, Samuel Sharpe ndi Humfrey Reede, maganizo amene anatsala pang'ono kumudula khosi. William Strachey, amene anali pa ulendowu ndipo analemba zonse zimene zinachitika, akuti Hopkins anali munthu wodziwa Malemba kwambiri ndiponso wotha kutsutsana nawo bwino. Mfundo yake inali yakuti mphamvu za Gates zinali za ku Virginia, za Somers zinali za panyanja, choncho chombo chitasweka pa dziko limene silinali Virginia ulamuliro wa onsewo unatha, ndipo munthu aliyense anali mfulu wodzisamalira yekha popanda kulakwira chikumbumtima kapena chipembedzo. Awiri aja anakamuneneza. Anamubweretsa pamaso pa gulu lonse atamangidwa maunyolo, namuweruza kuti aphedwe chifukwa choukira.

Apa mpamene khalidwe lake lina linaonekera. Hopkins analira nadandaula kwambiri, akunena kuti imfa yake idzawononga mkazi wake ndi ana ake aang'ono ku England, mpaka Newport ndi Strachey anapita kwa bwanamkubwa kukamupepesera ndipo sanachoke kufikira atamukhululukira. Kuti tione kuti chilangocho sichinali chongoopseza, patangopita miyezi iwiri munthu wina dzina lake Henry Paine anaomberedwa ndi mfuti pa chilumba chomwecho chifukwa chonyoza ulamuliro wa Gates. Ine ndimaona kuti mfundo ya Hopkins inali ndi mutu, ndipo kulira kwake sindikuyesa mantha achabe, chifukwa zimene ankaopera banja lake zinadzachitikadi mwa njira ina.

Opulumukawo anapanga zombo ziwiri zazing'ono, Deliverance ndi Patience, ndi mitengo ya mkungudza ya pachilumbapo pamodzi ndi zotsala za chombo chakale. Anafika ku Jamestown chakumapeto kwa Meyi 1610 napeza anthu pafupifupi 60 okha, otsala ku njala yoopsa ya nyengo yozizira imene inali itangotha. Gates analamula kuti mudziwo usiyidwe, koma akutsika mtsinje wa James anakumana ndi uthenga wa bwanamkubwa watsopano, Lord De La Warr, amene ankafika ndi anthu ndi chakudya, nabwerera. Hopkins anakhala ku Virginia zaka zingapo. Iye ali komweko, Mary anamwalira naikidwa ku Hursley pa 9 Meyi 1613, ndipo chikalata chowerengera katundu wake chinamutchula kuti mkazi wamasiye ngakhale kuti mwamuna wake anali moyo kutsidya la nyanja. Ana atatu aja anatsala m'manja mwa anthu ena. Dzina la Elizabeth, mwana woyamba, limaonekera komaliza m'zikalata za chaka chimenechi, ndipo pa Mayflower iye panalibe.

Atabwerera ku England, Hopkins anakwatira Elizabeth Fisher mu Febuluwale 1618 pa tchalitchi cha St Mary Matfelon ku Whitechapel, mu London, nabereka mwana wamkazi dzina lake Damaris. Munthu amene anasweka naye chombo, amene anaweruzidwa kuti aphedwe, amenenso anaona mafupa oyenda a ku Jamestown, tikanayembekezera kuti nyanja aziionera patali. Koma mu Seputembala 1620 anakweranso chombo, ulendo uno ndi banja lonse: mkazi wake ali ndi pakati, Constance wa zaka 14, Giles wa zaka 12, kamwana Damaris, ndi antchito awiri aamuna, Edward Doty ndi Edward Leister. Ndiganiza kuti phunziro limene anatenga pa imfa ya Mary linali lakuti banja silisiyidwa m'mbuyo. Ali pakati pa nyanja Elizabeth anachira mwana wamwamuna, yekhayo amene anabadwa chombo chikuwoloka, namutcha Oceanus.

Chombocho chinayenera kukafika cha ku mtsinje wa Hudson, m'dera limene chilolezo cha Virginia Company chinkagwira ntchito, koma chinakocheza ku Cape Cod, kumpoto kwambiri. William Bradford, amene anadzakhala zaka zambiri bwanamkubwa wa Plymouth, mudzi umene okwera Mayflower anamanga ku America, analemba kuti ena mwa alendo aja anayamba kulankhula mawu oukira, akuti akatsika adzachita zofuna zawo popeza chilolezocho chinali cha Virginia ndipo kuno palibe amene ali ndi mphamvu zowalamula. Bradford sanatchule mayina, koma wowerenga aliyense angaone kuti mfundoyi ndi yomwe ija ya ku Bermuda, ndipo nchifukwa chake olemba mbiri ena amaloza chala kwa Hopkins. Kusiyana kwake nkwakuti ulendo uno mkanganowo sunathere m'maunyolo. Pa 11 Novembala 1620 amuna 41 anasaina pangano lodzipangira boma lawo ndi kumvera malamulo amene adzagwirizana, ndipo pakati pa osainawo panali Hopkins pamodzi ndi antchito ake onse awiri.

M'miyezi yotsatira, zimene anaphunzira ku Virginia zinamupatsa ulemu. Pa ulendo woyamba wokazonda dziko anasankhidwa pamodzi ndi Bradford ndi Edward Tilley kukhala alangizi a Myles Standish, mkulu wa asilikali. Atapeza kamtengo kopindidwa, pansi pake patamwazidwa mbewu za mitengo, Hopkins ndiye anazindikira kuti ndi msampha wa nyama, ndipo akufotokoza choncho Bradford, amene ankabwera m'mbuyo, anakodwa mwendo. Nkhaniyi imasimbidwa moseketsa, koma pa maulendo omwewa Angeleziwo anafukula nkhokwe zapansi za eni dziko natenga chimanga chambewu, anafukulanso manda, ndipo mu Disembala anaponyerana mfuti ndi mivi ndi anthu a mtundu wa Nauset. Malo amene anasankha kumangapo Plymouth anali bwinja la mudzi wa Patuxet, umene anthu ake anatha ndi mliri wobwera ndi zombo za ku Ulaya pakati pa 1616 ndi 1619. Minda imene atsamundawo anaipeza yoswedwa kale mphanje inali ya anthu akufa.

Nyengo yozizira yoyamba inapha pafupifupi theka la okwera Mayflower. Mwa amayi 18 okwatiwa, anayi okha ndiwo anali moyo pofika nthawi yokolola mu 1621, ndipo Elizabeth Hopkins anali mmodzi wa iwo. M'nyumba ya Hopkins simunatuluke maliro nyengo imeneyo, ngakhale a khanda kapena a wantchito, pamene mabanja ena anatheratu psiti.

Pa 16 Malichi 1621 mmodzi wa eni dziko dzina lake Samoset analowa m'mudzimo nawalonjera m'Chingelezi chimene anaphunzira kwa asodzi, ndipo usiku umenewo anamugoneka kwa Hopkins, akumulondera. Patapita masiku ochepa panachitika pangano la mtendere ndi Massasoit, mfumu yaikulu ya anthu a Wampanoag. Mu Julayi chaka chomwecho Hopkins ndi Edward Winslow anatumidwa wapansi kwa mfumuyo ku Pokanoket, ulendo wa makilomita oposa 60, akutsogoleredwa ndi Tisquantum, munthu wa ku Patuxet amene anapulumuka mliri chifukwa anali atabedwa ndi woyendetsa chombo wina wa Chingelezi. Anatenga mphatso ya jekete lofiira ndi unyolo wamkuwa wovala m'khosi, pamodzi ndi pempho lakuti alendo odzadya ku Plymouth achepeko popeza chakudya chinali chosakwanira, ndiponso lonjezo lolipira chimanga chimene anatenga ku Cape Cod. M'njira anaona mafupa ndi zigaza za anthu osaikidwa m'midzi yopanda anthu. Kwa mfumu anagona pa bedi limodzi lamatabwa ndi Massasoit, mkazi wake ndi nduna ziwiri, nsabwe, utitiri ndi udzudzu zikuwasowetsa tulo, ndipo anabwerera ali ndi njala chifukwa mfumuyo inalibenso chakudya chokwanira. Ubale umene unalimbikitsidwa pa ulendowu ndi umene unasunga Plymouth pa zaka zake zofooka.

Kunyumba kwake kunalibe bata lotere. Pa 18 Juni 1621 Doty ndi Leister anamenyana ndi malupanga ndi mipeni navulazana, ndipo anaweruzidwa kuti amangidwe mutu ndi miyendo pamodzi kwa maola 24 osadya kanthu. Ola limodzi lisanathe anawamasula, bwana wawo atawapepesera. Pano Hopkins anabweza chifundo cha ku Bermuda, ndipo ndiyenera kumuwerengera zimenezi ndisanafike pa nkhani imene sanatero.

Anakhala mmodzi wa athandizi a bwanamkubwa, amene analinso oweruza milandu, kufikira 1636. Kuyambira chaka chimenecho dzina lake likupezeka m'mabuku a khoti kumbali ya oimbidwa mlandu. Mu Juni 1636 analipitsidwa chindapusa cha mapaundi 5, ndi masheleni 40 opita kwa John Tisdale amene iye anamumenya namuvulaza, ndipo khoti linanena kuti munthu wa udindo wake ndiye anayenera kusungitsa mtendere. Ankagulitsa mowa m'nyumba mwake, ndipo mu 1637 anaimbidwa mlandu wolola anthu kumwa tsiku la Sabata, ndi wolola antchito a eni kukhala m'nyumbamo akumwa ndi kusewera. Mu 1638 milandu inali yogulitsa vinyo, mowa ndi zakumwa zaukali pa mtengo wopitirira muyeso, ndipo mu 1639 inali yogulitsa kalilole pa mapeni 16 pamene ku Massachusetts Bay, dera loyandikana nalo la atsamunda Achingelezi, wofanana naye ankagulidwa pa mapeni 9. Boma la Plymouth linkaika malire pa phindu la wamalonda, ndipo Hopkins, monga kale, sankavomereza msanga kuti wina amuikire malire.

Mlandu umene umandilemera ndi wa Dorothy Temple, mtsikana amene ankagwira ntchito m'nyumba mwake pa pangano la zaka. Dorothy anatenga pakati pa Arthur Peach, wantchito wa Winslow amene anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi eni dziko a mtundu wa Pequot. Mu 1638 Peach anathawa ndi anzake atatu, ndipo m'njira anabaya ndi kulanda katundu munthu wa mtundu wa Nipmuc dzina lake Penowanyanquis, amene anakhalabe moyo mpaka kufotokoza zonse pamaso pa Roger Williams, mbusa amene anayambitsa mudzi wa Providence, asanamwalire. Peach ndi anzake awiri anapachikidwa ku Plymouth mu Seputembala 1638, ngakhale kuti atsamunda ena ankang'ung'udza kuti Mngelezi sangafere mwini dziko. Mwana atabadwa, Hopkins anakana kusunga Dorothy. Mu Febuluwale 1639 khoti linalamula kuti amudyetse ndi kumuveka iye ndi mwanayo pa zaka ziwiri zimene zinatsala pa pangano lake, kapena alipire wina womusunga. Hopkins anakanabe, namangidwa chifukwa chonyoza khoti, ndipo anatuluka patapita masiku anayi, John Holmes atavomera kutenga mtsikanayo ndi mwana wake polandira mapaundi 3. Mu Juni chaka chomwecho Dorothy anaweruzidwa kuti akwapulidwe kawiri chifukwa chobereka mwana wapathengo. Anakomoka pa kukwapula koyamba, ndipo kwachiwiri kunalekedwa. Munthu amene moyo wake unapulumuka chifukwa chotchula mkazi ndi ana osowa wowasamalira analolera kulowa m'ndende kusiyana ndi kudyetsa mayi ndi khanda pakhomo pake, ndipo pa ichi sindimupezera chodzikhululukira.

Analemba wilo yake pa 6 Juni 1644, ndipo pofika pa 17 Julayi katundu wake anali akuwerengedwa, iye atamwalira ali ndi zaka 63. Anapempha kuti aikidwe pafupi ndi mkazi wake Elizabeth amene anali atatsogola kale, ndipo mboni zinali Bradford ndi Standish, anzake a pa ulendo woyamba uja. Chikalatachi chimawerengeka ngati mawu a mwini khola aliyense wa kwathu kuno amene amadziwa ng'ombe zake ndi mayina. Giles analandira nkhunzi yaikulu, Constance analandira hatchi yaikazi, ndipo mwa ana aakazi a mkazi wachiwiri, Deborah analandira ng'ombe yakuda ya nyanga zotambalala ndi mwana wake, Ruth ng'ombe yotchedwa Red Cole, Elizabeth yotchedwa Smykins. Ng'ombe yotchedwa Motley anaigawa pakati, theka la Deborah theka la Damaris, ndipo ana aakazi anayi osakwatiwawo analandira aliyense sipuni imodzi yasiliva. Nyumba ndi minda zinapita kwa Caleb, mwana wamwamuna wa mkazi wachiwiri, ndi lamulo lakuti alongo ake akhale omasuka kubwera kudzakhala pakhomopo, ndiponso kuti iye akamwalira wopanda mwana zonse zipite kwa Giles.

Zinachitikadi motero. Caleb anakhala wamalinyero namwalira ku Barbados wosakwatira. Oceanus ndi Damaris woyamba anamwalira ali ana, ndipo Damaris wa mu wilo ndi wina wobadwira ku Plymouth, amene anapatsidwa dzina la mkulu wake monga mwa mwambo wa Angelezi a nthawi imeneyo. Ruth anamwalira wosakwatiwa. Za Elizabeth wamng'ono, zikalata za 1659 zikuwerengera ng'ombe zake zimene zinali kwa Giles ndi mawu akuti izi zichitike ngati iye sabweranso. Mbumba yonse ya Hopkins, imene lero ndi yaikulu zedi ku America, inadzera mwa ana anayi okha: Constance amene anakwatiwa ndi Nicholas Snow, wobwera pa chombo cha Anne mu 1623, ndipo Bradford anamuwerengera ana 12, Giles amene anakwatira Catherine Whelden mu Okutobala 1639, Deborah amene anakwatiwa ndi Andrew Ring mu 1646, ndi Damaris amene anakwatiwa ndi Jacob Cooke, mwana wa Francis Cooke wa pa Mayflower.

Kufalikira kwa mbumbayi kunayenda pamodzi ndi kutha kwa malo a eni dziko. Mu 1638 Hopkins analoledwa kumanga nyumba ndi kumweta udzu wa ng'ombe ku Mattacheese, kumene kunadzakhala Yarmouth, ndipo Giles anakakhala kumeneko. Pambuyo pake Giles ndi banja la Snow anakhazikika ku Nauset, kumene mu 1651 kunatchedwa Eastham, dera lomwe lija bambo wawo anaponyerana mfuti ndi mivi ndi eni ake mu 1620. Constance ndi Giles anali akadali moyo pamene mtendere wa Massasoit unasweka mu 1675. Mwana wa mfumuyo, Metacom, amene Angelezi ankamutcha King Philip, anaphedwa mu Ogasiti 1676, mutu wake unapachikidwa pa mtengo ku Plymouth, ndipo mkazi wake ndi mwana wake anagwidwa, mwanayo nagulitsidwa ukapolo kutsidya la nyanja. Constance anamwalira mu Okutobala 1677, Giles cha mu 1690.

Amene amafufuza mzere wa makolo awo mpaka kwa Hopkins ayenera kusamala ndi zolakwika ziwiri zimene zadzaza pa intaneti. Mabuku akale ankati iye anachokera ku Wortley m'chigawo cha Gloucestershire ndipo mkazi wake woyamba anali Constance Dudley, koma mu 1998 wofufuza mbiri Caleb Johnson anafalitsa umboni wa m'kaundula wa ku Hursley wosonyeza maubatizo a ana atatu aja ndi maliro a Mary, ndipo nkhani ya Dudley inatsala yopanda chikalata chilichonse choichirikiza. Cholakwika chachiwiri ndi kumusokoneza ndi Stephen Hopkins wa ku Rhode Island, wobadwa mu 1707, amene anasaina chikalata cha ufulu wa America mu 1776. Ameneyo anali wa banja lina, lochokera kwa Thomas Hopkins wa ku Providence, ndipo bungwe la General Society of Mayflower Descendants, limene linakhazikitsidwa mu 1897, limafuna chikalata cha kubadwa, ukwati kapena imfa pa m'badwo uliwonse lisanavomereze kuti munthu ndi mdzukulu wa Hopkins wa pa Mayflower.